Kuyendetsa nkhani ya Dungeons & Dragons osawapanikiza osewera

Dungeons & Dragons ndi masewera apatebulo omwe munthu mmodzi amayendetsa nkhani, enawo n'kumasewera ngati anthu a m'nkhanimo, dayisi n'kumagamula zotsatira. Mwina inu oyendetsa mumakonza nkhani sabata yonse, koma anzanu a ku Ulongwe akangokhala patebulo amakhotera kwina. Chitani izi.

Musanayambe mukhale ndi kope, pensulo, dayisi ya mbali 20 ndi mapu ojambula pamanja.

1. Lembani zimene mdani akufuna, osati zimene osewera adzachite. Tinene kuti mfiti ikufuna kuumitsa Zambezi cha ku Songo, pafupi ndi nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique. Akailekerera, usiku woyamba asodzi abwera chimanjamanja, wachitatu mudzi usamuka.

2. Chinsinsi chilichonse chikhale ndi njira zitatu zochipezera: mkulu wopalasa bwato, kalata yonyowa, mapazi pamchenga. Akaphonya imodzi, ina iwapeza.

3. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Osewera akati "ife tikupita kumsika ku Moatize," musawatsekere njira ndi mlatho wogwa mwadzidzidzi. Amadziwa msanga kuti mukuwakoka ngati mbuzi yapachingwe, ndipo muona wina wayamba kutokosa foni pansi pa tebulo. Asiyeni apite. Mfiti ija sinagone ayi: kumsikako akapeze kapenta wakwera mtengo, mayi wogulitsa akudandaula kuti mwamuna wake sanabwere kunyanja. Abwerera okha ku Songo, akuyesa nzeru ndi zawo.

4. Dayisi ikagwa, yagwa. Akapha mfiti msanga (zimawawa, ndikudziwa), wophunzira wake atenge malo.

5. Pomaliza afunseni kuti, "Loweruka likubwerali mulowera kuti?" Mukonze kokhako, masamba awiri basi.