Kusamutsa zitsamba zamaluwa zokhwima mu Harare: nthawi yake ndi kakumbidwe kake

Ndagwira ntchito m'minda ya maluwa ku Highlands ndi ku Mount Pleasant kwa zaka zambiri, ndipo anzanga a ku Mufakose amandifunsa kawirikawiri za nthawi yozula chitsamba chomwe chakula pamalo olakwika.

Ngati muli ndi chitsime kapena thanki, zulani mu Julaye. Kuzizira kumachititsa kuti zomera zisiye kukula, ndiye sizivutika kwambiri. Marozi ndiye nthawi yake yomweyi, mukangowadulira. Koma hibiscus ndi bougainvillea zimaopa chisanu, ndiye kwa izi, komanso kwa inu odalira madzi a m'mipopi omwe amatha masiku osatuluka, dikirani mvula ikhazikike mu Disembala. Musanyengedwe ndi chizimalupsa. Okutobala ayi ndithu, dzuwa lake limawotcha chitsamba chisanagwire.

Yambani ndi dzenje latsopano, lalikulu kawiri kuposa mizu, ndipo sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino. Chenjerani ndi ena ogulitsa manyowa m'matumba m'mbali mwa misewu: amaika owola pamwamba, pansi pali a nkhuku aawisi omwe amawotcha mizu. Pisani dzanja mpaka pansi musanatulutse dola. Kompositi yanu yomwe ndi yaulere.

Kenako dulirani nthambi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Tsopano pokumba, pomwe ine ndinataya bougainvillea wamkulu yemwe ndinamusamalira kuyambira ali wamng'ono. Ndinakumba dothi lili gwa. Katondo wa kumpoto kwa Harare akauma amalimba ngati njerwa, ndipo nditatukula ndi fosholo, chibuma chonse chinasweka, timizu ting'onoting'ono tomwe timamwa madzi n'kutsalira m'dothi. Ndinathirira m'mawa ndi madzulo, ndinamangira mthunzi, koma anauma ndikuona. Zimandiwawabe.

Choncho thirirani kwambiri masiku awiri musanakumbe, kuti dothi ligwirane ndi mizu koma lisakhale matope. Kumbani ngalande mozungulira, masentimita 40 kapena 50 kuchokera patsinde. Mizu ikuluikulu iduleni ndi chikwanje chakuthwa, osaikoka. Mukalowa pansi, pendeketsani chitsamba pang'onopang'ono, lowetsani chiguduli kunsi, mangani zolimba ndi chingwe. Masaka akale amapezeka motchipa ku Mbare. Nyamulani chitsambacho muli anthu awiri, mogwira chigudulicho, osati tsinde. Ngati nthawi ilipo, kumbani ngalandeyo miyezi iwiri pasadakhale n'kuikwiriranso, mizu yatsopano imamera pafupi ndi tsinde. Kwa bougainvillea izi musadumphe.

Chitani zonsezi madzulo kapena tsiku la mitambo. Bzalani tsiku lomwelo, osazamitsa kuposa momwe chinalili, pondani dothi, thirani madzi ambiri. Phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Feteleza wa Compound D adikire mpaka masamba atsopano aoneke.