Mbozi pa magalagadeya: musathamangire kupopera

Alimi anzanga olima magalagadeya, mbewu imeneyi kwawo ndi ku South America, ndipo Brazil ndi dziko lomwe limakolola ambiri padziko lonse, makamaka m'zigawo zake za Bahia ndi Ceará. Kumeneko amavutika ndi gulugufe wina dzina lake Dione juno, mapiko a olenji m'mphepete mwakuda, kunsi kwake timadontho tonyezimira ngati siliva. Akatera mumaona ngati miyendo ndi inayi basi chifukwa iwiri yakutsogoloyo ndi yaifupi zedi. Amapezeka kuyambira Mexico kutsika kummwera, kuno kulibe, koma njira zomwe alimi akumeneko amathana naye nazo zitha kutithandiza pa mbozi zodya masamba zathu zomwezi.

Gulugufeyo payekha alibe mlandu, amangoyamwa timadzi ta maluwa. Zoononga ndi mbozi zake. Wamkazi amaikira mazira ambiri malo amodzi kunsi kwa tsamba, ndiye zikaswa zimayenda chigulu, zakuda zaminga, kudya tsamba mpaka kutsala mitsempha yokha kenako ulendo pa lina, ndipo mbande za ku nazale kapena zongowokedwa kumene zimatha kuferatu.

Koma poti zimaunjikana, kuzigwira nkosavuta. Bungwe la kafukufuku wa zaulimi la ku Brazil lotchedwa Embrapa limalangiza kuti pamunda waung'ono muzitola ndi manja. Yenderani mizere yanu pafupipafupi, tembenuzani masamba makamaka anthetewa, mukapeza mazira kapena chigulu cha mbozi thyolani tsambalo muphwanyire pansi. Palibe ndalama yotuluka apa. Zikachuluka pali mankhwala a Bt, opangidwa kuchokera ku bakiteriya wotchedwa Bacillus thuringiensis, amapha mbozi ikadya tsamba lopoperalo koma amagwira bwino zikadali zing'onozing'ono, ndipo siifa pompopompo, ipatseni masiku angapo.

Chomwe chimandiwawa ine ndi mlimi wopopera mankhwala amphamvu maluwa ali chitsegukire. Mungu wa magalagadeya ndi wolemera komanso womata, mphepo siingaunyamule, amene amagwira ntchitoyi ndi bemberezi, ku Brazil amati mamangava. Maluwa a magalagadeya a zipatso zachikasu amatseguka dzuwa lili paliwombo mpaka madzulo, nthawi yomweyo bemberezi ali pakalikiliki, mukamupha maluwa angoyoyoka opanda chipatso. Ngati kupopera nkosapeweka poperani m'mamawa maluwa asanatseguke, ndipo zitsa ndi mitengo youma ya m'mbali mwa munda musaotche, ndimo bemberezi amaboola nkuswerana.