Kusungitsa nyumba yapamwamba m'mphepete mwa nyanja ku Siavonga

Mwafunsa mmene mungakagonere m'nyumba yanuyanu ya hotelo yapamwamba pa nyanja ya Kariba, kuchokera kuno ku Lusaka.

Musanayambe, khalani ndi chitupa cha NRC kapena pasipoti, masiku enieni, chiwerengero cha anthu, ndi ndalama ya dipoziti.

1. Sungitsani malo kudakali nthawi, makamaka pa Khrisimasi ndi Isitala. Nyumba zotere n'zowerengeka.
2. Funsani zomwe zili mumtengowo: chakudya, boti lokaonera dzuwa likulowa, komanso jenereta magetsi akathima. Kumeneko kumatentha kwambiri mu Okutobala.
3. Apa m'pamene ambiri amabetsa ndalama. Musatumize dipoziti ku nambala ya munthu yomwe mwangoiona pa Facebook, ngakhale zithunzi zikongole bwanji. Imbirani hoteloyo, ikutumizireni invoisi ndi akaunti yakubanki ya dzina lake. Uthenga wotsimikizira musaufufute.
4. Lawirirani m'mamawa kudzera msewu wa Kafue, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Musanafike ku Chirundu, khoterani kumanja. M'mapirimo malole ndi ambiri, musayende usiku.
5. Mukafika, sambirani m'dziwe la hotelo lokha. M'nyanjamo muli ng'ona ndi mvuu. Chonde ana asasewere m'mphepete mwa madzi. Madzulo tsitsani neti ya udzudzu.