Momwe mungayendere nokha njira ya West Highland Way ku Scotland chisanu chikamatha

Amene anakwerapo Mulanje amadziwa kuti ulendo umayambira pa kukambirana ndi wolondolera njira komanso onyamula katundu. Ku Scotland anthu ambiri amayenda m'mapiri okha, ndipo njira yoyenera kuyambira ndi West Highland Way, yomwe inatsegulidwa mu 1980 ndipo ndi yotalika makilomita 154, kuchokera ku Milngavie pafupi ndi Glasgow kukafika ku Fort William. Malo okwera kwambiri panjirayi, Devil's Staircase, ali pa mamita pafupifupi 550 okha, kunsi kwa mzinda wathu wa Blantyre. Kutsika kumeneku kusakupusitseni, chifukwa chimene chimavuta kumeneko ndi mvula yozizira yosakanikirana ndi mphepo, osati chitunda.

Choyamba sankhani mwezi. Marichi akadali wachisanu, ndipo chipale chofewa chimatha kukwirira njira. Nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka pakati pa Meyi, pamene mvula imachepako, dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko madzulo, ndipo tintchentche toluma totchedwa midges, timene timazunza anthu kuyambira Juni mpaka Seputembala, timakhala tisanachuluke. Ngati mukuchokera kumudzi ndi pasipoti ya Malawi, yambani mwakonza za viza ya ku Britain nthawi idakalipo.

Kenako gawani ulendowo m'masiku ndipo musungitsiretu malo ogona, popeza Meyi ndi mwezi umene anthu amadzazana, pamene midzi ngati Rowardennan ndi Bridge of Orchy ili ndi mabedi owerengeka. Ambiri amayenda masiku 7 kapena 8. Tsiku limene mukudutsa kumpoto kwa nyanja ya Loch Lomond, pakati pa Inversnaid ndi Inverarnan, lipatseni maola ochuluka kuposa mmene mapu akusonyezera, chifukwa njira yake ndi ya miyala ndi mizu yoterera ndipo nthawi zina mumachita kugwira ndi manja. Amene akufuna kugona m'tenti adziwe kuti lamulo la mu 2003 limalola kumanga tenti m'malo ambiri a ku Scotland, koma m'mbali zina za Loch Lomond, kuyambira Marichi mpaka Seputembala, pamafunika chilolezo kapena kugona pamalo okhazikitsidwa.

Nkhani ya zovala ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa. Siyani kunyumba chilichonse chathonje, kuphatikizapo jinzi, chifukwa thonje likanyowa silichedwa kuchotsa kutentha m'thupi ndipo silimauma msanga. Mkati valani malaya aubweya kapena a nsalu youma msanga, pamwamba pake juzi, ndipo kunja jekete ndi buluku zosalowa madzi. Mukamakwera chitunda vulani juzi musanayambe kutuluka thukuta, ndipo mukaima kuti mudye, muivale nthawi yomweyo musanamve kuzizira. Chipewa ndi magolovesi zikhale m'thumba lapafupi ngakhale kutacha ndi dzuwa. Zovala zogonera muzikulunge m'pulasitiki mkati mwa chikwama, ndipo musazivale masana ngakhale zinazo zitanyowa chotani. Nsapato zatsopano muziyendere milungu ingapo musananyamuke, apo ayi matuza adzakubwezani pa tsiku lachitatu. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuwononga ndalama pa jekete yabwino ndi masokosi aubweya kusiyana ndi pa chikwama chokongola.

Madzulo aliwonse werengani zanyengo za m'mapiri kuchokera ku Mountain Weather Information Service kapena Met Office, osati za m'tauni zimene foni imaonetsa. Yang'anani liwiro la mphepo ndi pamene mitambo itsikire. Nkhungu ya kumeneko imabwera monga chiperoni chimachitira ku Mulanje, ndipo m'kanthawi kochepa simuona chikwangwani chotsatira. Malo amene izi zimaopsa kwambiri ndi Rannoch Moor, chidikha chonyowa chopanda nyumba kapena pobisala kwa maola angapo musanafike ku hotela ya Kingshouse. Ngati alengeza mphepo yamkuntho, swerani pamene muli kapena kwerani basi, njirayo siithawa. Gulani chakudya chokwanira ku Tyndrum, mudzi umene mumadutsa musanafike ku Rannoch Moor, chifukwa sitolo yotsatira ili ku Kinlochleven, mtunda wa makilomita oposa 40.

Tengani mapu apepala ndi kampasi, popeza netiweki imasowa m'zigwa ndipo batire limatha msanga kukazizira. Uzani munthu wina kumene mukagone tsiku lililonse ndi nthawi imene ayembekezere uthenga wanu. Pakachitika ngozi imbani 999, pemphani apolisi, kenako gulu lopulumutsa anthu m'mapiri. Ngati mnzanu wayamba kunjenjemera kosalekeza, kupunthwa ndi kulankhula zosamveka, thupi lake lazizira mopitirira, choncho muikeni pobisika ku mphepo, musinthe zovala zake zonyowa, mumpatse chakumwa chotentha chotsekemera ndipo muitane thandizo.

Miyezi imeneyi nkhosa zimakhala zikuswa, motero tsekani zipata zimene mwazipeza zotseka ndipo musayandikire ana ake. Nkhupakupa nazonso zimakhala zitayamba, ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme, choncho dzifufuzeni m'miyendo ndi m'chiuno musanagone.

Ambiri akafika ku Fort William amalakalaka kutsiriza ndi Ben Nevis, phiri lalitali kwambiri ku Britain, la mamita 1,345. Ngakhale kuti silifika theka la Sapitwa, pamwamba pake pamakhalabe chipale mu Meyi, chimene chimakwirira njira ndi kulendewera m'mphepete mwa maphompho a kumpoto, moti munthu angaponde poganiza kuti pali nthaka. Ngati simunaphunzire kuyenda pachipale ndi kutsata kampasi mu nkhungu, lembani wolondolera njira wa tsiku limenelo lokha, kapena lisiyeni. Sitima yobwerera ku Glasgow imatenga maola pafupifupi 4 ndipo imanyamuka kangapo kokha patsiku, choncho gulirani tikiti yake pasadakhale.