Ma ampu awiri a mavalavu: kodi ayenera kukhala mapasa?

Mwezi watha madala ena a ku Matawale anafika pakhonde langa ku Chinamwali, pomwe ndimakonzera mawailesi, atanyamula ma ampu (makina okuzira mawu) awiri a Quad II m'katoni, atawakulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba. Ampu imodzi anawasiyira malume awo, amene ankagwira ntchito m'boma likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Inayo inachokera ku Joni, kwa mwana wawo.

"Amisiri, taonani manambalawa mmene atalikiranira. Mwanayu sanangotaya ndalama?"

Ankanena manambala a ku fakitale olembedwa pa ma ampuwo. Ndinawauza kuti akhazike mtima pansi. Quad II inatuluka ku England mu 1953, nthawi imene munthu ankamvera nyimbo pa sipika imodzi. Zimbale za stereo, zofuna sipika ya kumanzere ndi ya kumanja, zinayamba kufala mu 1958, ndipo amene anali kale ndi ampu imodzi ankangokagula yachiwiri n'kuiika pambali pa yakale. Kampaniyo inapitiriza kuwapanga mpaka 1970. Choncho ma ampu obadwa zaka zosiyana akhala akuimbira limodzi kuyambira kalekale. Ogulitsa amakonda kukweza mtengo manambala akatsatizana, koma khutu silimva nambala.

Chofunika n'chakuti akhale a mtundu umodzi. Quad II imafuna mavoti 1.4 polowera kuti itulutse mawati ake 15, pomwe ampu ina yotchedwa Leak TL/12 Plus imakhuta ndi kachigawo kochepa chabe ka mphamvu imeneyo. Mukaphatikiza awiriwa, Leak imakuwa Quad ikunong'ona. Mungathe kuwanyengerera ndi kabatani ka balance, koma ine sindikulimbikitsani.

Musanayatse chilichonse, dziwani kuti m'kati mwa ampu yotere muli mavoti opitirira 300, ndipo ma capacitor amasunga motowo ngakhale mwazula pulagi. Ngati simunagwirepo ntchito yotere, m'katimo musiyireni mmisiri. Komanso ampu yomwe yagona zaka m'sitolo kuno ku Zomba, ndi chinyezi chathu chotsika m'phirichi, siyolumikiza kukhoma tsiku lomwelo. Ine ndimayamba ndaiyanika padzuwa masiku awiri, kenako ndimaiyatsa kudzera pa babu lakale la mawati 100, lija la kawaya m'kati, osati la LED. Babu likawala kwambiri osazilala, pali shoti, zimitsani. Onani kuti posankhira magetsi pali pa 240 pa ma ampu onse awiri, ndiponso kuti potulukira mawu paikidwa pa ma ohm ofanana. Ya malume ija inali pa 15, ya ku Joni pa ma ohm otsika. Chimenecho chokha chikanasiyanitsa kale mawu. Ndipo musayatse ampu ya mavalavu popanda sipika, mungawotche thiransifoma yomwe simudzaipeza pamsika wa Zomba, ngakhale ku Limbe.

Kumene ma ampu akale amasiyanira kwenikweni n'kukalamba kwa tizipangizo ta pansi. Ma resistor akale a carbon, tizipangizo tochepetsa kuyenda kwa magetsi, amakwera ma ohm ake zaka zikamapita, ndipo sakwera mofanana. Ma capacitor a mapepala amayamba kudontha magetsi, valavu n'kumakoka moto wambiri. Pa Quad II pali resistor ya ma ohm 180 yomwe mavalavu onse awiri a KT66, mababu agalasi okuza mawu, amadalira. Pamenepo mita yoyezera magetsi iziwerenga mavoti pafupifupi 26. Ikawerenga zokwera kwambiri, thiransifoma imatentha mpaka phula la m'kati mwake kuyamba kutsetsereka. Mukaona phula louma pansi pa ampu, dziwani kuti inavutikapo. Lamulo langa ndi ili: chimene mwasintha kumanzere, sinthaninso kumanja, cha mtundu womwewo, tsiku lomwelo.

Tsono za mavalavu, pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. M'ampu iliyonse muli ma KT66 awiri ogwira ntchito mosinthana, wina akukankha wina akukoka, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Wina akakhala wamphamvu mnzake wofooka, kusinja kumasokonekera: ampu imang'ung'udza, besi imakhala yauve, ndipo wamphamvuyo amatha kufiira chitsulo chake cha m'kati. Awiri a m'nyumba imodziwa ndiwo ayenera kufanana. Koma kuti a kumanzere afanane ndendende ndi a kumanja, zimenezo si zofunika kwenikweni, chifukwa ampu ili ndi feedback, njira yobwezera kachigawo ka mawu kumbuyo, yomwe imasalaza kusiyana kwakung'ono. Ngati muli ndi mavalavu anayi osakanikirana, ikani awiri oyandikana mphamvu mbali imodzi, otsalawo mbali inayo. Bola pasakhale mbali ya mavalavu otheratu.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani pa foni kapulogalamu kotulutsa kulira kumodzi, musankhe 400 Hz. Dikirani ma ampu atenthe mphindi 20. Lowetsani kulirako mu ampu yoyamba, ikani mita pa AC pomwe pamalowa mawaya a sipika, kwezani voliyumu ya foni mpaka iwerenge mavoti 2. Osakhudzanso foniyo, samutsirani waya womwewo ku ampu yachiwiri. M'malo mwa sipika ndi bwino kumangapo resistor yaikulu ya ma ohm 8, apo ayi aneba abwera kudzafunsa chomwe chikulira. Kusiyana kwa decibel imodzi, muyeso wa kukula kwa mawu, ndi pafupifupi mavoti 12 pa 100 alionse, ndiye ngati ina yawerenga 2.0 ina 2.1, musadzivutitse. A madala aja anawerenga 2.0 ndi 2.5. Wolakwa anali resistor ya feedback m'ampu ya malume. Nditasintha mbali zonse, zinakhala 2.0 ndi 2.05.

Mita ikatha, khutu liweruze. Tsegulani nkhani pa MBC Radio 1, khalani pakati pa masipika, tsinzinani. Mawu a wowerenga nkhani azimveka ngati munthu waima patsogolo panu. Akamamveka omwazika, osadziwika komwe akuchokera, besi itathawa, ndiye kuti waya wofiira ndi wakuda mwawatembenuza pa sipika imodzi. Akapendekera mbali imodzi, zimitsani, sinthanitsani ma ampu. Kupendekako kukasamuka limodzi ndi ampu, vuto lili mu ampu. Kukakhala pomwepo, yang'anani sipika, chipinda, kapena khutu lanu lomwe, poti ife a zaka zathuzi makutu sagwiranso ntchito mofanana.

Patatha masiku atatu madala aja anaimba foni kuti wowerenga nkhani wakhala kumanja. Ndinakwera kabaza mpaka ku Matawale, mita ili m'thumba. Tinasinthanitsa ma ampu, munthu uja osasuntha. Nditayang'ana bwino, sipika ya kumanja inali pangodya, makoma awiri akuikankhira mawu, pomwe ya kumanzere inabisala kuseri kwa sofa, pamwamba pake pali kansalu koluka ndi mphika wa maluwa. Tinaikokera poyera, ya pangodya tinaisendeza mikono iwiri, wowerenga nkhani n'kubwerera pakati.

Mayi a kunyumba analowa ndi tiyi, n'kuima pakhomo.

"Bambo, maluwa angawo muwaika pati?"