Kupeputsa injini ya galimoto yampikisano kuno ku Mangochi: chochotsa ndi chosiya

Galimoto zambiri zimene amakaniko athu amakonza kuti zikachite mpikisano ndi zakale zochokera ku Japan, monga Toyota Starlet, Corolla ndi Vitz. Injini ili kutsogolo, matayala okoka nawonso ndi akutsogolo, ndiye kulemera kochuluka kumaunjikana kumphuno. Nchifukwa chake pakona galimoto imakana kukhota, imangolunjika ngakhale chiwongolero mwapinda. Mukachotsa makilogalamu 30 pagalimoto yolemera makilogalamu 900, mwapeputsa ndi 3 peresenti yokha, koma poti onsewo achoka kutsogolo, woyendetsa amamva kusintha m'manja mwake.

Musanagwire sipanala, pezani sikelo yolendewera, yomwe ija amayezera chimanga kapena usipa pamsika, komanso kope. Chilichonse chotuluka mugalimoto chiyezedwe, chilichonse cholowa chiyezedwenso. Ambiri amaiwala mbali yachiwiriyi, nkumadzinamiza kuti apeputsa pamene angosinthanitsa zitsulo. Werenganinso malamulo a mpikisano umene mukufuna kulowa, chifukwa magulu ena salola kusintha flywheel (chitsulo chozungulira cholemera chimene kilachi imagwirapo) kapena injini.

Yambani ndi zopachikidwa kunja kwa injini, poti ndi zotchipa ndipo mukhoza kuzibwezera. Choyamba ndi makina oziziritsa m'kati. Kompuresa yokha imalemera makilogalamu pafupifupi 6, ndipo mukaphatikiza chitsulo choigwira, condenser ndi mapaipi mumadutsa 10. Gasi wake atulutsidwe ndi wokonza mafiriji amene ali ndi zida, osati kungomasula paipi, chifukwa akakupemererani m'maso kapena pakhungu amapsereza ndi kuzizira. Ngati kompuresa imayendera lamba mmodzi ndi zida zina, ikachoka lamba wakale amatalika. Zungulizani chingwe pamapule otsala, muyeze, mugule lamba wa msinkhu umenewo. Onetsetsani kuti lambayo akukuta pule ya alternator ndi ya pampu ya madzi mokwanira. Akangokhudza pang'ono amaterera injini ikalira kwambiri, batire nkutha, madzi nkuwira.

Pampu ya power steering ikhoza kuchokanso, koma kungovula lamba ndi kulakwitsa: oyilo wotsekeredwa mu rack, chitsulo chimene chimakhotetsa matayala, amalimbitsa chiwongolero kuposa cha galimoto imene inabadwa yopanda pampu. Funani rack yopanda pampu ya mtundu womwewo kwa ogulitsa zida zakale. Manifold ya ekizozi ya chitsulo chochita kuumba, chimene amakaniko amati cast iron, isinthidwe ndi ya mapaipi owotcherera. Pamenepa mumapeza makilogalamu awiri kapena atatu. Ikani chitsulo chochirikiza paipi pagiyabokosi, apo ayi mowotchereramo mumang'ambika ndi kugwedera.

Batire ya NS60 mukhoza kuisintha ndi NS40 ngati injini ndi yaing'ono ndipo imalira msanga. Ena amaisamutsira kumbuyo. Dziwani kuti kutero sikuchepetsa kulemera, kumangokusuntha, ndipo waya wonenepa wa 25 kapena 35 mm² amawonjezera kwake. Mukatero, fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni, wayayo adutse m'mphira paliponse pamene aboola chitsulo, batire ikhale m'bokosi lotseka lomangidwa ndi mabawuti komanso lotulutsira mpweya kunja.

Tsopano flywheel, pamene pali phindu lalikulu ndi ngozi yaikulu. Pagiya yoyamba injini imazungulira ka 13 kapena ka 15 kuti tayala lizungulire kamodzi, choncho mphamvu yambiri imathera kuthamangitsa chitsulo chimenechi. Kilogalamu imodzi yochoka m'mphepete mwake imaposa makilogalamu angapo ochoka pampando kapena pachitseko, makamaka potuluka m'makona othina. Pagiya yachisanu phindulo limachepa kwambiri. Flywheel yobwera ndi injini zazing'onozi imakhala pakati pa makilogalamu 7 ndi 9, yopepuka yogula 4 kapena 5.

Chimene tikukana ndi mtima wonse ndi kupala flywheel ya cast iron pa lathe, makina opalira zitsulo, mpaka kupyapyala. Chitsulo chimenechi sichipindika, chimasweka. Kilachi ikachitentha chimachita ming'alu yosaoneka, ndipo tsiku lina pa 7,000 rpm chikhoza kuphulika, zidutswa nkuboola bellhousing, chikuto chotchinga flywheel ndi kilachi, mpaka kulowa m'kati mwa galimoto. Ngati ndalama ya flywheel ya chromoly, chitsulo cholimba chosasweka msanga, palibe, siyani yakaleyo mmene ilili. Mukagula yopepuka, ipite pamodzi ndi pressure plate, chitsulo chokanikiza kilachi, kwa odziwa kubalansa, ngakhale zitatanthauza ulendo wa ku Blantyre. Mabawuti akhale atsopano, muwapake mankhwala oletsa kumasuka, ndipo mumange ndi torque wrench modumphadumpha, pa muyeso umene buku la injiniyo lanena. Yembekezerani kuti galimoto izizima msanga ponyamuka, ndi kuti kulira kwa injini kuzitsika mofulumira posintha magiya.

Pule ya kutsogolo kwa crankshaft yambiri ili ndi mphira pakati. Mphira umenewo umameza kupotoka kwa crankshaft. Pule yopepuka ya aluminiyamu yopanda mphira imakupatsani kilogalamu imodzi, nkukudyerani ma bearing. Isiyeni. Mapisitoni ndi ma con-rod (mikono yolumikiza mapisitoni ku crankshaft) nawonso musawaboole. Ngati mwatsegula injini, afananitseni kulemera pasikelo ya magalamu kuti asasiyane kupitirira galamu imodzi, basi.

Kuno kunyanja kuli zinthu zimene anzathu a kumaiko ozizira amachepetsa koma ife sitingayerekeze. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35. Rediyeta isachepe. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi yokha, pamene gasketi ikapsa mutu wa aluminiyamu umapindika. Ngati mukufuna kupeputsa, gulani rediyeta ya aluminiyamu yonyamula madzi ofanana ndi akale, fani ndi chivindikiro chake chozungulira zikhalepo. Thermostat nayonso ibwezeredwe ngati wina anaichotsa, chifukwa injini yosafika pakutentha kwake imadya petulo wambiri ndipo masilinda amatha msanga. Sefa ya mpweya musaichotse ngakhale tsiku limodzi: mchenga wa kuno ukalowa umanola maringi ngati tupa.

Amene ali ndi ndalama amasintha injini yonse. Ma 4A ndi 5A a Corolla ali ndi buloko ya cast iron, pamene 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi ya aluminiyamu, chitsulo cholemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a cast iron. Gulani pamodzi ndi kompyuta yake, mawaya onse ndi giyabokosi, chifukwa kusaka zimenezi chimodzichimodzi kumadula kuposa injiniyo.

Mukamaliza, kutsogolo kwa galimoto kudzakwera pang'ono poti masipuling'i apepukidwa, ndiye konzaninso alignment. Kuyesa kuchitike pabwalo lotsekedwa limene mwapempha chilolezo, osati pa M10 wopita ku Monkey Bay pamene pali akabaza, ana asukulu ndi mbuzi. Thamangani mphindi khumi, imani, muone geji ya kutentha, lamba, ndi mabawuti onse amene munagwira, kenako muwonjezere liwiro.