Momwe mungawalitsire kolido ya mdima ndi ndalama zochepa

Nyumba zambiri zalendi m'matauni mwathu muno zimamangidwa mofanana: mukachoka pabalaza pamakhala kolido yopita kuzipinda, zitseko uku ndi uku, zenera palibe. Yathu ku Area 25 ku Lilongwe inali yotero. Mwana akagwetsa pensulo masanasana tinkayatsa tochi ya foni kuti tiipeze. Khoma linali ndi penti wa mafuta wa bulauni kuyambira pansi mpaka m'chiuno, pamwamba pake wachikasu wakalekale, ndipo babu linali limodzi lokha, kumapeto kwenikweni pafupi ndi bafa. Ndinaikonza ndekha, koma kawiri, chifukwa ulendo woyamba ndinalakwitsa.

Yambani mwalankhula ndi a landilodi. Ambiri sakana penti woyera, ena amalola kuchotsera pa lendi mukawaonetsa malisiti. Sankhaninso nyengo. Pakati pa Ogasiti ndi Okutobala makoma amakhala ouma gwa, pamene m'dzinja kolido yopanda zenera imasunga chinyezi ndipo penti amachedwa kuuma.

Musanapite kushopu, yezani. Kolido yathu ndi yotalika mamita 6, mulifupi 1.2, ndipo khoma ndi lotalika 2.6. Makoma awiriwo ndi masikweya mita 31, kuchotsapo zitseko zinayi kumatsala pafupifupi 24, kuwonjezera siling'i tikubwereranso pa 31. Lita imodzi ya penti wa madzi, amene m'mashopu amati PVA, imapaka masikweya mita pakati pa 8 ndi 10. Kupaka kawiri ndiye kuti malita pafupifupi 8. Zitini ziwiri za malita 5 zikukwanirani, musalole kuti akugulitseni ndowa ya malita 20 pokhapokha ngati mukufuna kupentanso pabalaza. Mitengo ndiye sikhazikika chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, choncho funsani m'mashopu atatu tsiku lomwelo mukugulalo. Ndipo onetsetsani chivundikiro. Ine ndinagulapo chitini chotchipa modabwitsa pashopu ina, kukatsegula kunyumba pamwamba panali madzi okhaokha, pansi chiphalaphala chonga laimu. Pali anthu amene amatola zitini zakale za makampani odziwika n'kuthiramo zawozawo. Chivundikiro chikaoneka kuti chinatsegulidwapo, kapena m'mphepete muli penti wouma, chisiyeni.

Tsopano pamene ndinapwetekera ndi apa. Ulendo woyamba ndinangopukuta fumbi n'kuyamba kupaka PVA pamwamba pa penti wa mafuta uja. Tsiku limenelo zinaoneka bwino kwambiri, mpaka aneba anabwera kudzaona. Patangotha masabata atatu, pamene ana amakhudza ndi zikwama zakusukulu panayamba kukalika. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anatokosa ndi chikhadabo pafupi ndi chitseko, penti anamatuka chigamba chachikulu ngati khungu la mbatata yophika, bulauni uja ali mbee kunsi kwake. Pakutha kwa mwezi khoma linali mawangamawanga, loipa kuposa poyamba. Zinandipweteka mtima chifukwa ndalama ija ndinaisunga miyezi iwiri.

Vuto lake ndi lakuti penti wa mafuta ndi woterera, ndipo wa madzi alibe pogwira. Amangokhala pamwamba ngati pepala. Ndiye musanapake chilichonse, dziwani kuti pakhoma panu pali penti wanji. Nyowetsani kansalu ndi spiriti, uja wapepo wa methylated, n'kupukuta pamalo amodzi mwamphamvu. Kansalu kakatenga mtundu, ndi penti wa madzi. Kakapanda kutenga kanthu, ndi wa mafuta. Pitirizani ndi dzanja louma chapamwamba pakhoma: likachoka loyera ngati mwagwira ufa, pamenepo panapakidwa laimu, ndipo ameneyo muyenera kumupala ndi kumutsuka yense, apo ayi penti watsopano adzagwa naye limodzi.

Ulendo wachiwiri ndinachita motere. Ndinapala PVA yense wosagwira uja ndi sikirepa, ntchito ya Loweruka lathunthu. Kenako ndinatsuka khoma ndi madzi ofunda a sopo waufa, chifukwa m'kolido manja amasiya mafuta ambiri, makamaka mozungulira suwichi ndi m'mbali mwa zitseko, n'kutsukuluza ndi madzi oyera. Litauma ndinakwecha penti wa mafutayo ndi sandipepa wa nambala 120. Simukuchotsa penti yense ayi, mukungopha kunyezimira kwake. Mukaunika ndi tochi cham'mbali n'kuona pena pakunyezimirabe, bwererani pomwepo. Mangani kansalu konyowa kapena masiki pamphuno, tsekani zitseko za kuzipinda, ndipo ana asakhale pafupi, chifukwa penti wa mafuta wakale nthawi zina amakhala ndi mtovu wa lead umene ndi woopsa kwa ana. Ngati nyumba ndi yakale ndithu, kwechani ndi sandipepa wonyowetsa kuti fumbi lisauluke.

Mukapukuta fumbi lonse, matani ming'alu ndi mabowo a misomali ndi filla. Kenako pakani andakoti, penti woyambira wothandiza kuti PVA agwire, ija yolembedwa universal undercoat, pamalo onse amene panali penti wa mafuta. Lita imodzi kapena ziwiri zimakwana kolido ngati yathu. Mmisiri wina anandiuza kuti andakoti ndi kutaya ndalama, kuti kungosungunula PVA ndi madzi ambiri kumagwira ntchito yomweyo. Musamvere zimenezo. Andakotiyo isiyeni igone usiku wonse. M'mawa mwake pakani PVA pakamalo kakang'ono kuseri kwa chitseko, dikirani masiku awiri kapena atatu, matanipo selotepi n'kuikoka mwamsanga. Ikachoka yopanda penti, pitirizani ndi mtima wonse.

Kupaka kwenikweniko n'kosavuta. Siling'i choyamba, yoyera mbee, kenako makoma, kawiri, ndipo pakati pake padutse maola anayi. Ine ndinasankha woyera wopita ku kirimu pang'ono chifukwa fumbi lofiira la ku Lilongwe limaonekera msanga pa woyera weniweni. Ngati thumba likulola, chigawo chapansi pakani penti wotsukika wa acrylic. Zitseko ndi mafelemu ake nazonso zipakeni zoyera, chifukwa zitseko zinayi za bulauni zimameza kuwala kochuluka.

Magetsi: babu limodzi kumapeto silikwanira mamita 6. Itanani wa magetsi wodziwa ntchito awonjezere lachiwiri pa suwichi yomweyo, musalumikize waya nokha. Babu la LED la mawati 9 limawala ngati lakale lija la mawati 60. Onani ngati choikamo chanu ndi cha mapini, B22, kapena chopotokola, E27, musanagule. Ine ndinaika limodzi lija lotchaja lokha, limene limayakabe magetsi akazima. Mababu a pamsewu otchipa aja, olembedwa mawati ambirimbiri koma opepuka ngati chibotolo chopanda kanthu, sachedwa kuyamba kuphethira.

Ngati nyumba ilibe siling'i, lata limodzi loonekera pamwamba pa kolido limalowetsa dzuwa tsiku lonse, bola wokhoma amate bwino kuti lisadonthe. Galasi lalitali lipachikeni kumapeto, moyang'anizana ndi khomo la pabalaza kuti libweze kuwala kochokera kumazenera. Katani yochindikala imene inali pakhomo limenelo ndinaichotsa n'kuika yopyapyala ya leisi. Pansi tinasiya kupaka polishi wofiira, tinayala mkeka wautali, ndipo nsapato zonse zinapita m'dengu kuseri kwa chitseko.